Abdallah Akadali Pamchenga

Mayfair,
Johannesburg.
24 Okutobala 2004

Okondedwa achemwali Eveles,

Ndayamba ndi kukupatsani moni, inu pamodzi ndi onse a pakhomo. Kodi muli bwanji kumeneko? Nanga mayi, miyendo ija ikuwalola kufika kutchalitchi, kapena akungomvera nyimbo ali pakhonde? Ine kuno ndili bwino, kupatula dzino lam'munsi limene layamba kundikumbutsa kuti nzimbe ndinkazidya mopanda ulemu.

Kalata yanu inandipeza Lachiwiri lapitali. Anabwera nayo ndi a Masautso, amene amanyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi kumudzi aja, pamodzi ndi kathumba ka mpunga ndi usipa. Zikomo kwambiri. Usipawo ndinaubisa m'katoni ya nsapato, koma anzanga atatu amene ndimagona nawo chipinda chimodzi ali ndi mphuno zakuthwa, moti pofika Lachinayi unali utatsala wongolawa. Mankhwala opaka a mayi ndapatsira a Masautso omwewo, anyamuka Lachitatu. Muziwapaka m'mawa ndi madzulo. Musalole kuti awasungire alendo monga amachitira ndi sopo wonunkhira.

Kuno mvula yayamba, koma ndi mvula yopanda mwambo. Imabwera masana ndi matalala ndi ziphaliwali, pakatha theka la ola dzuwa nkuwalanso. Pepala langa lokhalira kuno likadali ndi miyezi itatu, komabe ndikaona galimoto ya apolisi miyendo imafuna kuyenda yokha. Nsapato zanga zakuda zija anandibera pachingwe nditaziyanika. Zina zonse zili bwino.

Pa nkhani zonse zimene munalemba, imodzi ndiyo yandisowetsa mtendere. Munati Abdallah akusamuka, wagulitsa bwato lake, ndipo Idi ikangotha anyamuka ndi mkazi wake Nafisa kukakhala kwawo kwa mkaziyo ku Makanjira, tsidya la nyanja. Munailemba kumapeto, pafupi ndi nkhani ya chitopa cha nkhuku, ngati nkhani wamba. Kwa ine si wamba ayi. Ndinamulakwira munthu ameneyu zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, sindinakonze, ndipo akawoloka ndisanakonze sindikudziwa ngati ndidzamuonenso. Pempho langa m'kalata ino lili pa iyeyo. Koma ndiloleni ndizungulire kaye, mukundidziwa kale kuti nkhani sindiilowera pakhomo lakumaso.

Munafunsanso kuti ntchito yanga kwenikweni ndi yotani, poti mayi akuuza anthu kuti ndimakonza makompyuta. Musawatsutse pagulu, koma zoona zake nzakuti ndimasesa, ndimapukuta magalasi a makompyutawo, ndimachita fotokope, ndiponso ndimalemba nthawi imene munthu wakhala pampando. Malowa amawatcha kafe ya intaneti, ngakhale tiyi sitigulitsa. Makompyuta alipo makumi awiri. Khumi akutsogolo ndi a anthu olemba makalata ndi ofunafuna ntchito. Khumi akumbuyo ndi a ankhondo.

Musadzidzimuke, nkhondo yake ndi yamasewera. Amakhala asanu mbali iyi, asanu mbali inayo. Nthawi zina onse khumi ali m'chipinda chathu chomwecho, nthawi zina asanu enawo ali ku Durban kaya ku Cape Town, anthu oti sitinawaonepo nkhope, tikungokumana nawo kudzera pawaya wa telefoni. Aliyense amayendetsa kamunthu kake pagalasi la kompyuta. Bwalo lake ndi nkhalango, uku mudzi, uko mudzi, ndipo pakati pa mudzi uliwonse papachikidwa belu lalikulu. Amene aswe belu la anzawo ndiwo apambana. Njira zopita kumeneko zilipo zitatu, ndipo m'njira iliyonse muli nsanja zimene zimalasa mdani akayandikira.

Masewerawa ali ndi nthano yakeyake, ndipo anthu a ndevu zawo amakanganirana nthanoyi ngati malire a munda. Akuti kalekale kunali mmisiri wosula amene anatola chitsulo chogwa kumwamba, nasula nacho mabelu awiri, napatsa ana ake awiri. Mudzi umene belu lake likadali lopachika, anthu ake akafa amadzukanso. Ndiye anawo atadana nkhondo yawo inakanika kutha, chifukwa amene wamupha m'mawa umakumana nayenso masana. Ankhondo osankhapo ndi ambiri. Kuli munthu wamwala amene amayenda patsogolo nkumalandira mikwingwirima ya anzake. Kuli mlenje wakhungu amene amalasa pomvera mapazi. Kuli mfiti ya utsi, imene ine mpaka lero sindimvetsa kuti imalowera kuti. Aliyense ali ndi mbiri yake, kwawo, ndi chimene anakwiyira.

Osewera ake ndi ophunzira a kuyunivesite, woyendetsa tekisi mmodzi, ndi kalaliki wa kubanki amene akafika amavula tayi nkuiika m'thumba. Maina awo enieni ambiri sindiwadziwa, chifukwa aliyense ali ndi dzina lankhondo. Amakuwa, amamenya matebulo, amatukwanizana mpaka kutchulirana makolo, kenaka nkugawana tchipisi m'pepala limodzi. Watsopano amamutcha nubu, ndipo chilichonse chikalakwika mlandu ndi wake. Katswiri akalakwitsa amati waya unachedwa. Nkhondo ikatha, opambana ndi ogonja omwe amalemberana timawu tonena kuti tasewera bwino, ngakhale mtima ukuwawa.

Zonsezo amakhululukirana, koma pali tchimo limodzi limene salikhululuka: kuchoka nkhondo ili mkati. Mukatsala anayi basi mwatha, ngakhale mutakhala akatswiri. Pakhoma pali bolodi, ndipo wothawa dzina lake limalembedwa pamenepo ndi choko. Likalembedwa palibe gulu limene limamutenga mwezi wathunthu. Amabwera, amaima kumbuyo kwa mipando nkumaonerera, palibe womulankhula.

Ine ndinalowamo mwangozi. Tsiku lina analipo asanu ndi anayi, ndipo bwana wanga anati ndikhale pampando wotsalawo kuti makasitomala asabalalike. Anandipatsa kamunthu kamene aliyense amakakana, mayi wa njuchi. Ameneyu sapha munthu. Ntchito yake ndi kuthamangira ovulala nkuwapaka uchi kuti mphamvu zibwerere, ndipo nkhondo ikatha palibe amene amamutchula. Masiku oyamba zala zanga, zozolowera kunyamula mbale za alendo kuloji kuja, zinkangogunda paliponse, ndipo ndinatukwanidwa m'zinenero zinayi. Koma pang'ono ndi pang'ono ndinaona kuti ntchito imeneyi ndikuidziwa kale. Pano amandilimbirana. Anandipatsa dzina loti Senga, poti ndinawauza kuti kwathu ndi ku Senga Bay, ndipo amauzana kuti Senga sasiya munthu.

Loweruka la sabata yatha tinali ndi mpikisano ndi gulu la ku Durban, masana. Tinayamba molakwika, nsanja ziwiri zinagwa msanga. Wophunzira wina amene ankayendetsa munthu wamwala anakwiya, nakankha mpando, natuluka osatsanzika. Kamunthu kake kanangoima pakati pa njira ngati chitsa, adani akukazungulira. Ife anayi tinalimbikira mphindi makumi awiri, koma belu lathu linasweka. Kalaliki uja anatsala pang'ono kulira. Kenaka anatenga choko nkundipatsa ine, nati ndilembe ndine dzina la wothawayo, chifukwa m'chipinda monsemo ndine ndekha amene ndinali ndisanasiyepo mnzanga. Ndinalemba, koma zilembo zinatuluka zokhota. Patangopita masiku atatu kalata yanu inafika.

Kodi mukukumbuka Linga, achemwali? Muyenera kukumbuka, chifukwa munkatiseka kuti ndi fulaye wa anyamata amene akuchita manyazi kuvomera kuti akusirira masewera a atsikana. Ifetu zinkatipweteka zimenezo. Kwa ife inali nkhondo yeniyeni, ndipo anaiyambitsa ndi Abdallah tili sitandade folo. Malamulo onse anali m'mutu mwake. Palibe amene ankamutsutsa, ngakhale anyamata otiposa msinkhu.

Tinkaumba malinga awiri a mchenga, lina pafupi ndi mabwato, lina kumtunda pafupi ndi matandala oyanikapo usipa. Pamwamba pa linga tinkaimika botolo. Wolanda botolo la adani nkufika nalo kwawo ndiye wapambanitsa anzake. Chida chinali mpira wachikulunga, umodzi mbali iliyonse. Tinkakhala asanu asanu, monga kunoku. Mvuu ankalondera linga, ndipo kuti agwe ankayenera kugendedwa kawiri. Ng'azi awiri ndiwo ankagenda. Nkhwazi yekha ndiye ankaloledwa kugwira botolo. Wachisanu anali sing'anga.

Nthano tinali nayonso. Abdallah ankati pansi pa chilumba cha Namalenje pali mfumu ya ng'azi, ya mchira wotalika kuchokera pachilumbapo kufika pagombe lathu, ndipo ndiyo imasunga onse ogwa pankhondo. M'mabotolo muja ankati muli mphepo ya mwera imene makolo athu anaibera mfumuyo. Sabata iliyonse nthanoyo inkaphuka nthambi yatsopano. Wina akafunsa kuti wazimva kuti, ankangoloza chilumbacho nkunena kuti wokayika apalase akafunse yekha. Ine mpaka ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndinkazemba kupalasa pafupi ndi Namalenje, chonsecho ndikudziwa bwinobwino kuti zonsezo zinachokera m'mutu mwa mnzanga.

Lamulo lalikulu linali la wakufa. Mpira ukakukhudza unkagwa pomwepo chafufumimba, osasuntha, osadzutsa mutu, mpaka sing'anga wako atabwera ndi madzi a m'nyanja m'chigoba cha nkhono, nakuthira kumbuyo kwa khosi, nanena kuti dzuka, nyanja yakukana. Chigoba chimodzi, munthu mmodzi. Akagwa awiri, sing'anga ankathamanga kawiri. Wodzuka yekha tinkamutcha mzukwa, ndipo sankasewera sabata yathunthu. Apa ndi pamene masewera athu amasiyana ndi a kunowa. Kuno ukafa galasi limada, manambala amawerenga, pakapita masekondi angapo wadzuka wekha pafupi ndi belu. Kwathu kunalibe kuwerenga. Ukagwa unkadzuka pokhapokha mnzako atakubwerera.

Sing'anga wa mbali yathu ndinali ine, chifukwa kugenda sindinkatha koma miyendo ndinali nayo. Abdallah anali Nkhwazi. Ankalowa pakati pa adani mosacheuka, podziwa kuti kumbuyo kuli Pitala. Tsiku lina ndinamudzutsa kasanu ndi kawiri, ndipo kachisanu ndi chiwiriko anadzuka akuseka, mchenga uli m'mano, nanena kuti mfumu ya ng'azi yatopa naye. Tikatha tinkadumphira m'madzi tonse khumi, opambana ndi ogonja, kenaka nkukaotcha chinangwa kuseri kwa nyumba ya bambo ake. Iye akamapita kumadrasa ndinkamudikira panja, ine ndikamapita ku Sande sukulu ankandidikira pansi pa mango. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri, achemwali. Chifikireni kuno sindinasekepo ngati mmene ndinkasekera pagombe lija.

Tsopano ndafika pa tsikulo. Unali Okutobala wa 1993, akuluakulu atavotera kale nyali ija, zipani zitangoyamba kuyenda poyera. Ife tinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Anyamata a ku Kambiri anatitumizira mawu kuti akufuna nkhondo. Tinapangana kuti tidzakumane m'mawa, monga tinkachitira nthawi zonse mchenga usanapse, koma iwo anafika dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo. Ena anati tisiye, tidzasewere mawa. Abdallah anati anthu ayenda mtunda wonsewo, sitingawabweze.

Nkhondo inayenda bwino. Abdallah anazemba Mvuu wawo, nalanda botolo pa linga lakumtunda, koma akutembenuka mpira unamupeza pamsana. Anagwa pafupi ndi matandala, pamchenga wouma uja umene masana ngakhale agalu saupondapo. Ndinamuona akugwa. Ndinathamangira kunyanja, ndinatunga, nkuyamba kubwerera. Nthawi yomweyo lole ya chipani china inatulukira pamsewu wakumtunda, chimkuzamawu chikulira, anthu pamwamba akukupiza matisheti. Wina anakuwa kuti akugawa ulere. A ku Kambiri ndiwo anayamba kuthamanga, akufa awo omwe anadzuka. Athu anatsatira.

Apa ndi pamene ndakhala ndikunama zaka zonsezi. Inu ndi mayi ndinakuuzani kuti ndinkayesa kuti Abdallah wathamanga nawo. Linali bodza. Ndinaima, ndipo anali patsogolo panga mapazi ngati makumi awiri okha. Ndinkauona msana wake, botolo lili m'manja, mutu uli pansi monga mwa lamulo. Chigoba chinali chodzaza. Kumuthira sikukanatenga nthawi, koma lole inkayenda, ndipo anzanga anali atanditsogolera kale. Ndinadziuza kuti ndikangolandira yanga ndibwerera. Chigobacho sindinachitaye ayi, ndinachikhazika bwinobwino pamchenga kuti madzi asatayike, kenaka ndinathamanga. Loleyo sinaime mpaka pabwalo la sukulu. Kumeneko kunali zolankhula, kunali magule, ndipo matishetiwo anagawa kumapeto. Pofika nthawi imeneyo ndinali nditaiwala.

Zotsalazo mukuzidziwa kuposa ine, chifukwa munamupeza ndinu mukupita kukachapa. Munandiuza kuti munamulamula kuti adzuke, anzake onse apita, ndipo iye osadzutsa mutu anangoti muitane Pitala. Munachita kumukoka padzanja mpaka m'madzi. Chifuwa ndi mimba zinatuluka matuza, msana unasupuka. Sabata yonse sanavale malaya ndipo ankagona chokhala. Chipsera chapansi pa nthiti chija chilipo mpaka lero. Mudzi wonse unati mwana wa a Mustafa ndi chitsiru, munthu angagone bwanji pamoto chifukwa cha masewera. Inenso ndinaseka nawo, poti kuseka kunkandipeputsa.

Patapita masabata awiri ndinapita kwawo ndi tisheti ija. Inali yaikulu yofika m'mawondo, koma ndicho chinthu chatsopano chokha chimene ndinali nacho. Ndinamupeza pakhonde akusoka ukonde ndi asuweni ake. Ndinamupatsa. Anaiyang'ana, nandiyang'ana ine, nanena mosakweza mawu kuti wakufa savala malaya. Asuweni aja anaseka, inenso ndinaseka, nkunyamula tisheti yanga kubwerera kunyumba, kumene mayi anadzaisandutsa chopukutira mbale. Achemwali, nyanja inali pomwepo. Zigoba zinali mbwee pagombe ponse. Ine ndinamva ngati akundinyoza, chonsecho ankandiuza chochita. Zanditengera zaka zonsezi, ndi bolodi la choko m'dziko la eni, kuti ndimve.

Kuyambira pamenepo Linga linafa. Tinayesa kusewera popanda iye, koma tinkangokangana za malamulo mpaka aliyense anatopa. Abdallah sanandiyambe ndewu, sanandinenere zoipa kwa munthu. Anangoyamba kundipatsa moni wa mlendo. Zaka zinayi zimene ndinagwira ntchito kuloji, iye akutenga azungu pabwato kupita nawo kuchilumba, tinkaonana pafupifupi tsiku lililonse. Zokamba zathu zinali zakuti alendo alipo angati ndipo abwerako nthawi yanji. Akavula malaya kuti akankhe bwato ndinkayang'ana kumbali. Tsiku limene ndinkanyamuka kudza kuno anapezeka pasiteji, nandithandiza kukweza chikwama pa matola, nanditsanzika mwaulemu wonse. Kukanakhala bwino akananditukwana.

Mwina mukuseka, mukuti zachibwana zimenezi ndi zoti munthu wa zaka makumi awiri ndi zinayi nkuthera mapepala anayi. Inenso ndinkadziuza zomwezo. Koma akulu anati mlandu suola, ndipo wangawu ndaununkhiza Loweruka lija pamene anthu ankandiyamikira kuti sindisiya munthu. Ndinachita manyazi kwambiri. Anthu a kuno ndimawathamangira ndi uchi wabodza pagalasi, ena oti sindinawaonepo, pamene mnzanga weniweni ndinamusiya madzi ali m'manja.

Choncho pempho langa ndi ili. Idi isanafike, tsiku lina masana, mutole chigoba cha nkhono pagombe, mutunge madzi a m'nyanja, osati a pamjigo, mupite nawo kumene Abdallah ali. Mumuuze kuti mwatumidwa ndi Pitala. Mumuthire kumbuyo kwa khosi, koma musamale kuti asafike pakamwa poti ali m'mwezi wa Ramazani, akusala. Kenaka munene mawu aja, kuti dzuka, nyanja yakukana. Musaonjezere za kupepesa kapena za Mulungu, ngakhale ndikudziwa kuti pakamwa padzakuyabwani. Mawu ake ndi omwewo basi.

Muyambe mwamufotokozera Nafisa, ndipo mutengane ndi amuna anu, alamu a Clement. Ndikuwadziwa anthu a kwathu. Akangoona mkazi wa mwini akuthira mwamuna wa mwini madzi a m'chigoba dzuwa likuswa mtengo, pofika madzulo nkhani idzakhala itafika ku Salima kuti mwayamba zamankhwala. Mudzafunsa kuti bwanji osangomulembera kalata mwini wakeyo. Ndayesa katatu sabata ino, katatu konse ndang'amba. Kalata ikanangokhala tisheti ina.

Mwina adzaseka, ndipo akaseka mundilembere kuti anaseka bwanji. Koma mmene ndikumudziwira, akhoza kukana. Lamulo lake linkati wodzutsa ndi sing'anga yekha, ndipo za kutuma munthu sanazilolepo, ngakhale tsiku limene ndinaponda mbedza. Akakana pa chifukwa chimenecho musakhumudwe, ndipo musamuumirize. Ine ndidzasangalala, chifukwa ndiye kuti akundidikirabe. Zikatero Disembala ndipempha tchuthi, bwana akakana ntchito ndiisiya, ndikwere basi, ndiwoloke mpaka ku Makanjira ndi chigoba changa.

Chimene ndikuopa ndi china. Ndikuopa kuti adzapukuta khosi, nkukuthokozani mwaulemu, nkunena kuti za Linga sakuzikumbuka. Zikakhala choncho mundiuzebe, musandibisire pofuna kundisungira mtima.

Mupereke moni kwa mayi, muwauze kuti ndikudya ndipo kutchalitchi ndimapita. Kalatayi mukhoza kuwawerengera, koma pofika pa bodza paja muwerenge mothamanga. Moni kwa alamu a Clement, kwa ana anu Takondwa ndi Stella, kwa malume ku Lifuwu ndi akazi awo, ndi kwa azakhali ku Chipoka pamodzi ndi khanda lawo latsopano limene simunandiuze dzina. Moni kwa a Mustafa ndi kwa Nafisa.

Moni wa Abdallah ndauikamonso, koma musamupatse msanga. Mudzamupatse akadzuka.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Pitala